Kodi Bata la Msewu wa Fumbi Amalipira Ndani?

Loweruka lililonse m'chilimwe, tambala wachiwiri akangolira, ine ndimatulutsa kanjinga kanga kakapalasa n'kutsetsereka kuchoka mu Zomba kulowera kuchigwa cha nyanja ya Chilwa. Njingayo ndi ya kaunjika, ya matayala onenepa ndi magiya amene theka lake linaleka kale kugwira. Ndikangodutsa pa Matawale ndimapatuka, n'kulowa tinjira tafumbi todutsa m'midzi ndi m'minda ya mpunga. Kumeneko kulibe minibasi yokuimbira hutala kumbuyo, kulibe thiraki yokukankhira m'ngalande. Umangomva matayala ako akukukuta timiyala, mbuzi zikulira, munsi ukugunda mumtondo. Ndakatulo zanga zambiri zinabadwira pachishalo chimenechi, ndipo ndinkadzitama kwa anzanga kuti ndinatola mtendere waulere.

Tsiku lina mu Ogasiti munga unalasa tayala lakumbuyo. Pampu ndinali nayo, koma solushoni ndinaiwala kunyumba. Ndili kakasi pansi pa mtengo, panatulukira bambo wina wachikulire, wa imvi za apo ndi apo, akupalasa chinjinga chakuda chopanda magiya, dengu la matemba atalimanga ndi mphira pakeliyala. Anaima wosamuitana. Titalonjerana anagoneka njinga yanga pansi, natulutsa chubu, nachipala ndi mwala, n'kuyamba kumata.

"Achimwene, katundu mwasiya kuti?" anafunsa.

"Ndilibe katundu, bambo."

"Ndiye mukukaona matenda? Kapena kuli zovuta?"

"Iyayi, ndikungoyenda basi. Kupitidwa mphepo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mtunda wonsewu opanda chonyamula, opanda wokutumani? Inutu muli pabwino."

Pofuna kumusangalatsa ndinati, "Msewu wanu uno ngwokoma, bambo. Ulibe magalimoto. Ine ndimapemphera kuti asadzauthire phula."

Analeka kupopa. "Mumapemphera, eti? Ifetu timapemphera zina. Mwana wanga wamkazi anachirira pansi pa mango uli apowo, mu Febuluwale, usiku, mvula ikukhuthuka. Wagalimoto anakana kubwera, ati matope. Tinamukweza panjinga, njinga inatitimira. Mdzukulu ali moyo, tithokoze Mulungu. Koma mapemphero anu ndi athu akakakumana kumwambako, kaya Mwini wake amvera ati."

Sanalankhule mwaukali. Anamaliza kupopa, anakana ndalama, nati zapanjira sitilipiritsana. Koma kuyambira tsiku limenelo funso lakhala likundisowetsa tulo: kodi n'chilungamo kuti munthu azisangalala ndi chinthu chimene mnzake akulira nacho?

Chilakolako changachi si changa ndekha. Kunja kuno kupalasa njinga m'misewu yopanda phula kunasanduka masewero otchuka amene Azungu amawatcha gravel. M'chaka cha 2006, m'tauni ya Emporia ku Kansas, m'dziko la America, anthu 34 okha anapikisana pa mtunda wa mamailosi 200 m'misewu ya miyala ya kumidzi. Mpikisanowo unkatchedwa Dirty Kanza. Lero ndi Unbound Gravel, ndipo kumapita anthu zikwizikwi. Mu 2022 bungwe loyendetsa masewero a njinga padziko lonse la UCI linachititsa mpikisano woyamba wa akatswiri a gravel m'chigawo cha Veneto ku Italy, kumene anapambana Gianni Vermeersch wa ku Belgium ndi Pauline Ferrand-Prévot wa ku France. Ngakhale mu Africa muno, kuyambira 2021 ku Kenya kumachitika Migration Gravel Race, masiku anayi akupalasa m'dera la Maasai Mara. Njinga zina za masewerowa zimagulidwa madola zikwi zingapo. Ambiri mwa okwerawo chimene chimawakokera kufumbi ndi chomwe chimandikoka ine: kuthawa magalimoto.

Komatu pali kusiyana. Mlimi wa ku Kansas wokhala m'mphepete mwa msewu wa miyala kawirikawiri amakhala ndi galimoto yake pakhomo, ndipo msewuwo amaupala ndi makina nthawi ndi nthawi. Kuno kwathu kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, pamene mwa misewu yonse imene boma limaiwerengera, ya phula sifika gawo limodzi mwa magawo atatu. Choncho msewu wa fumbi kwa Amalawi ambiri ndi umene umadutsa feteleza, mayeso a sukulu, odwala ndi maliro. Ukakhala chete ndiye kuti ambulansi sikufika, wogula mpunga sakufika, mphunzitsi watsopano wangoona matope n'kubwerera. Amene anaona za namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno ndipo milatho yambiri ya m'chigawo cha kummwera inakokoloka, akudziwa kuti panalibe misewu ya bata kuposa ija inadukayi. Palibe amene analemba ndakatulo yoyamikira bata limenelo.

Ndinakambirana nkhaniyi ndi anzanga awiri. Woyamba, munthu wokonda ndale, anati yankho n'lachidule: leka kupalasa. Iye akuti munthu wa m'tauni wovala kachipewa koteteza mutu, akudutsa mayi amene wasenza nkhuni, akunyoza mayiyo ngakhale asanene kanthu. Ndinaganizira mawuwa kwa masabata angapo, ndipo sindikuwavomereza. Ine nditakhala pakhomo Loweruka, kodi mlatho umangika? Phiri la Zomba likamaonekera kumbuyo kwako m'mamawa, chilumba cha Chisi chili patsogolo, kukongola kumeneko n'koona, ndipo sikusanduka bodza chifukwa choti dera lake n'losauka. Ndiponso ndikakumbukira bwino, bambo uja kupalasa kwanga kunangomuseketsa. Chimene chinamuimitsa dzanja papampu chinali pemphero langa.

Mnzanga wachiwiri anati ndikudzivutitsa chabe. "Pemphero lako lingaletse ndani kuthira phula? Palasa, sangalala, usiye nkhani za misewu kwa a misewu." Awanso ndi mawu okoma kumva, koma ali ndi chinyengo mkati. Ine ndine mtolankhani, ngakhale wongodzilembera. Zokhumba za anthu a zolembera ndi a m'tauni zimafika m'maofesi msanga kuposa za wogulitsa matemba. Tikalemba kuti kumudzi kuli mtendere, kuti anthu ake ndi osauka koma okondwa, kuti chitukuko chingawononge kukongola kwa dziko, timapatsa chowiringula aliyense amene akufuna kuiwala derali. N'chimodzimodzi mlendo amene amadandaula akaona malata padenga pamene ankafuna kujambula udzu. Iye amajambula n'kubwerera kuhotela. Mwini nyumba ndiye amasuntha mphasa usiku denga likayamba kudontha. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Apa ndi pamene ndinaona malire. Kusangalala ndi chinthu monga mmene wachipezera palibe mlandu. Mlandu umayamba pamene wayamba kukhumba kuti chinthucho chisasinthe, chikhalirecho mtengo wa kusasinthako akulipira ndi wina. Ine ndimabwera Loweruka, m'chilimwe, nditakhuta, ndipo dzuwa likapendeka ndimabwerera kuphula langa. Bambo uja ndi wa Lolemba mpaka Lamulungu, dzinja ndi chilimwe chomwe. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame sangalamule mmene munda ulimidwire.

Koma ndisamalize ngati kuti phula ndiye Paradaiso, chifukwa kutero kungakhale kunama kwina. Walira mvula walira matope. Mbiri ya njinga yomweyi ikutiphunzitsa zimenezi. Mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya matayala awiri ofanana yoyendera tcheni, kholo la njinga zonse tikukwerazi, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop anabweretsa matayala opopa. Njinga zitachuluka ku America, okwera njinga ndiwo anakhala patsogolo kulirira misewu yabwino. Bungwe lawo la League of American Wheelmen, limene linayamba mu 1880, linatulutsa magazini yotchedwa Good Roads mu 1892, ndipo mu 1893 boma linatsegula ofesi yofufuza za misewu. Poyamba alimi ambiri ankawakayikira, ati anyamata a m'tauni osowa chochita akufuna kutikwezera msonkho. Misewu yabwino inabweradi, koma pambuyo pake panabwera galimoto n'kuilanda. Lero zidzukulu za anthu amene analirira misewu yosalala zikuthawira kumiyala kuti zipulumutse moyo.

Sitifunika kupita ku America kuti tione zimenezi. Imani pamsewu wa M3 pakati pa Zomba ndi Liwonde, kapena pa M1 paliponse, muone wakabaza atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo, thiraki ikubwera, malo opatukira palibe. Muone wamakala akudumphira m'tchire ndi matumba ake atatu. Aliyense wa ife akudziwa banja limene linataya munthu motere. Bambo wa matemba uja, phula likadzafika pakhomo pake mmene limafikira m'madera ambiri, lopapatiza, lopanda malo a njinga, lopanda mabampu pasukulu ndi pamsika, ambulansi idzafikadi, koma mdzukulu wake uja sadzathanso kupalasa yekha kupita kusukulu. Ndiye kuti m'pemphero langa lopusalo munali kambewu ka choonadi: msewu umene mwana angayendemo wopanda mantha ndi chuma, ndipo tikachitaya sichibwerera mosavuta.

Cholakwa changa chinali kuganiza kuti bata limabwera kokha pamene dera laiwalidwa. Lilipo bata lina lochita kumanga. Ku Netherlands, mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pangozi za pamsewu, mwa iwo ana oposa 400. Makolo anakwiya nayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. M'zaka zotsatira dzikolo linamanga njira za njinga zopatukana ndi za magalimoto ndi kuchepetsa liwiro m'malo okhala anthu. Sanabwerere kumatope. Ambulansi imafika, mwananso amapalasa. Inde iwo ndi olemera ife ndife osauka, koma kachigawo ka njinga m'mbali mwa msewu, ngalande yabwino, kamlatho kolimba ndi kupala msewu mvula ikatha si zinthu za kumwezi. Ndipo m'dziko limene njinga imanyamula makala, chimanga, nsomba, mkwatibwi ndi wodwala, kumanga msewu ngati kuti njinga kulibe ndiye kuiwala eni msewu.

Nanga ine wopalasa wopanda katundu ngongole yanga ndi yotani? Ndaganiza zinthu zochepa. Ndizichepetsa liwiro ndikafika pamudzi n'kupereka moni, chifukwa ndikudutsa pabwalo la eni ake, sindili m'bwalo la masewero. Ndisamajambule umphawi wa munthu ngati maluwa. Ndikalemba za kukoma kwa njirazi ndizilembanso mmene zimakhalira mu Febuluwale, ndipo ndiyenera kupitako mu Febuluwalemo kuti ndilembe zimene ndaona. Anthu a kumeneko akamapempha msewu ndikhale mbali yawo, ngakhale ndikudziwa kuti Loweruka langa lidzasokonekera. Ndipo makina akadzafika, cholembera changa chifunse funso limene kawirikawiri palibe amalifunsa: nanga njinga idzadutsa pati?

Ndinakumananso nawo bambo aja mwezi wa Okutobala, kufupi ndi mango womwe uja, dzuwa likuswa mtengo. Anandizindikira msanga.

"Achimwene a mapemphero! Lero mwanyamula solushoni?"

"Ndanyamula, bambo. Ndipo pemphero lija ndinasintha."

"Mukupempha chiyani tsopano?"

"Msewu woti galimoto izifika dzinja lonse, koma inu ndi dengu lanu musamathawire kutchire."

Anaganiza pang'ono, napukuta thukuta ndi chipewa. "Limenelo ndi lalitali, koma lingamveke. Kagulenitu matemba, musamabwerere chimanjamanja ngati munthu wothawa ngongole."

Ndinagula mbale ziwiri, anandikulungira m'pepala, ndinamangirira pahandulo. Ulendo wobwerera ku Zomba ndi wokwera, ndipo fungo la matembawo linandiperekeza mpaka pakhomo.