Zimene Tinaona Pamwamba pa Phiri la Ntchisi



M'mwezi wa June, ena mwa ife a m'gulu lathu lophunzira kuno ku Chisepo tinakakwera phiri la Ntchisi. Tinadzera ku Mponela mpaka kuboma la Ntchisi, kenaka tinatsata msewu wafumbi wokafika m'mphepete mwa nkhalango. Tinasankha June chifukwa ikafika September utsi wa moto wa m'tchire umabisa zakutali.

Phirili ndi lalitali kupitirira mamita 1,600. M'munsi mwake muli mitengo ya mombo ndi misuku imene tonse timaidziwa, koma kumtunda kuli nkhalango yowirira, yobiriwira chaka chonse, mmene dzuwa limalowa movutikira. Akuluakulu amasimba kuti m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankabisala m'menemo pothawa nkhondo za Angoni. Mu 1924 boma linaiika kukhala nkhalango yotetezedwa.

Chitunda chake n'chowawa. Mayi mmodzi wachikulire amene tinali nawo ankapuma pafupipafupi, ndipo anyamata ankafuna kutsogola. Tinakambirana n'kugwirizana kuti tiziyenda monga mmene mayiwo angathere. Tinafika mochedwa, koma tinafika tonse.

Pamwamba tinayamba tapemphera, kenaka tinamwaza maso. Kum'mawa, cha ku Nkhotakota, nyanja ya Malawi inkanyezimira. Mbali zinazo kunali zigwa, minda ndi midzi yosawerengeka. Kuchokera kumeneko munthu sangaloze kuti denga ili ndi la wachipembedzo chakuti kapena wa mtundu wakuti. Onse amaoneka monga mmene alilidi, anthu a dziko limodzi, omwa madzi a mvula imodzi.

Koma tinaonanso chinthu chimene chinatikhalitsa chete. Pamene nkhalango yotetezedwa yathera, mapiri ambiri ndi ometedwa mpala. Mitengo yake inapita ku makala, ku zigafa za fodya ndi ku mauvuni a njerwa. Sitingaloze chala anthu a kumeneko, pakuti ifenso kwathu kuno tachita zomwezo. Tikamadula, aliyense amati ndi mtengo umodzi wokha. Pamwamba paja m'pamene tinaona mitengo imodzi-imodzi ija itaphatikizana. Ndipo zotsatira zake tikuzidziwa: mvula ikagwa paphiri lopanda mitengo, madzi salowa pansi koma amathamanga ndi nthaka yachonde, ndipo zitsime zimaphwa dzinja lina lisanafike.

Bahá'u'lláh nayenso anakhalapo kumapiri. Mu 1854 anachoka ku Baghdad n'kupita kumapiri a Kurdistan, cha ku Sulaymáníyyih, kumene anakhala zaka ziwiri m'mapemphero ndi kusinkhasinkha, kutali ndi banja Lake. Koma sanakhazikike kumeneko. Mu 1856 anabwerera ku Baghdad, napeza otsatira a Báb ali ofooka ndi ogawikana, ndipo anayamba kuwadzutsa ndi kukonza makhalidwe awo.

Ifenso tikamakumana kuwerenga Mawu a Mulungu, timakhala ngati takwera phiri: timaona moyo wathu ndi mudzi wathu bwino lomwe kusiyana ndi masiku ena. Koma munthu samanga nyumba pansonga ya phiri. Amatsika, ndipo chimene waona chimakhala ngongole imene ayenera kubweza kwa amene anatsala kumudzi. Tikaona koma osachitapo kanthu, ulendo wathu udzangotisiyira zithunzi za m'foni ndi miyendo yophwanya.

Potsika tinagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, tikapempha a mfumu malo pafupi ndi mjigo kuti tikhazikitse nazale ya msangu, mtangatanga ndi mbawa. Tikafesa mu August, mbande zidzakhala zokonzeka kuwokeredwa mvula ikakhazikika mu December. Chachiwiri, aliyense wa ife asiye zitsa za m'munda mwake ziphuke, n'kumazitengulira m'malo mozitentha. Ntchitoyi si ya Abahá'í okha. Tiitane anansi athu onse pamodzi ndi ana awo.

Mafunso okambirana:

1. Kodi ndi zinthu ziti m'mudzi mwathu zimene tazizolowera mpaka sitikuzionanso?
2. Ndani m'gulu lathu amene akutsalira m'mbuyo, ndipo tingayende naye bwanji?
3. Amene amadalira makala kuti adyetse banja lake, tingalankhule naye bwanji mosamuchititsa manyazi?