Ulemu Umayamba ndi Kudziwa Pamene Uli

Kuseka si mlandu. Paukwati mwana akaseka mokweza amamuombera m'manja, koma akachita zomwezo pamaliro azakhali amamutsina ndi kumutulutsa panja. Mtsikana amene amanyogodola agogo ake momasuka amagwada akamapereka madzi kwa apongozi. Nchifukwa chake anankungwi saphunzitsa namwali malamulo ouma okha. Amamuuza kuti pamaso pa auje uzitere, kwa eni usamatere.

Akatswiri a ubongo apeza kumene luso limeneli limakhala. Ubongo uli ndi gawo lakunja lamakwinyamakwinya lotchedwa cortex, lochindikala mamilimita 2 mpaka 4. Mbali yake yakutsogolo, makamaka imene ili pamwamba penipeni pa maso, imasunga zimene zinatsatira khalidwe linalake pamalo enaake: kuyamikidwa, kudzudzulidwa kapena kuchita manyazi. Munthu akafikanso pamalo otero, mbali imeneyi imamuthandiza kusankha choyenera asanatsegule pakamwa.

Ikavulala, mwambo umasokonekera. Mu 1848, ku Cavendish m'chigawo cha Vermont ku America, chitsulo chinabaya kapitawo wa ntchito ya njanji, Phineas Gage, kulowera patsaya lakumanzere nkutulukira pamwamba pa mutu. Anachira ndipo ankalankhula bwinobwino, koma dokotala wake, John Harlow, analemba kuti munthu wodalirika uja anayamba kutukwana ndi kusalabadira anzake.

Mu 1994 Edmund Rolls ndi anzake anayesa odwala ovulala mbali yomweyi. Ankawaonetsa zithunzi ziwiri, china chopatsa mapointi, china cholanda. Kenako anazisinthanitsa: chopatsa chija chinayamba kulanda, cholanda chija chinayamba kupatsa. Odwalawo ankatha kunena ndi pakamwa kuti lamulo lasintha, koma dzanja linkapitabe pa chithunzi chakale. Kudziwa mwambo pakamwa ndi kuuchita ndi zinthu ziwiri.

Apa mpamene njira ya makolo ikuonekera nzeru. Mwana sankangouzidwa, ankatumidwa kukapereka chakudya kwa alendo, ankapita nawo kumilandu kwa amfumu, ndipo akaphonya ankamukonza pomwepo. Ubongo umaphunzira msanga pamene malo, chochita ndi zotsatira zake zabwera pamodzi.

Kholo litengepo zinthu zitatu. Langizani mwana pamalo pomwe zinthu zachitikira, ndipo mumuuze chifukwa chake, kuti adziwe kuti vuto si kuseka ayi koma kuseka pamaliro. Musamasinthesinthe: mukaseka chipongwe chake lero, mawa nkumukwapula pa chipongwe chomwecho, mwana amaphunzira kuwerenga nkhope yanu m'malo mowerenga malo. Pomaliza, musatope. Mbali yakutsogolo ya ubongo imachedwa kukhwima, mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mnyamata wazaka 15 akabwereza cholakwa, sikuti nthawi zonse ndi mwano. M'mera mpoyamba, inde, koma chinamwali cha masiku ochepa sichimaliza ntchito imene ubongo umaigwira kwa zaka zambiri. Akatuluka m'tsimba, malangizo apitirire pakhomo.