Kodi Galu Amasulidwe Paphiri?

Kwathu kuno munthu sakwera phiri popanda chifukwa. Akakwera ndiye kuti afuna nkhuni, kapena nsungwi, kapena mankhwala, kapena ali pa uzimba ndi agalu ake. Koma ku England kuli anthu ambiri amene amagwira ntchito m'mizinda sabata lonse, ndipo likakwana Loweruka amavala nsapato zolimba, nanyamula kamba m'thumba, naitana galu, ulendo wa kumapiri. Sapita kukasaka, ndipo sabwerako ndi kanthu m'manja. Chimene afuna ndi kuyenda basi, kupuma mpweya wabwino ndi kuona dziko lili pansi pawo. Pa mwambo umenewu pabuka funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi, inu owerenga, pakuti ngakhale mapiriwo ali kutali, funsolo likhudza aliyense amene aweta chiweto. Funso lake ndi ili: kodi munthu wokonda galu wake achita bwino kummasula chingwe akafika kumalo otere?

Tiyambe taona malowo. Pakati pa mizinda iwiri ikuluikulu, Manchester ndi Sheffield, pali phiri lotchedwa Kinder Scout, lotalika mamita 636. Kwa munthu wodziwa Mulanje kutalika kumeneku n'kochepa, komatu musalipeputse. Pamwamba pake ndi pathyathyathya, popanda mitengo. Dothi lake ndi lakuda ndi lonyowa ngati la m'dambo, kotero kuti pena munthu amatitimira mpaka m'mawondo, ndipo madzi anakumbamo ngalande zakuya zokhotakhota. M'mphepete mwake muli matanthwe aakulu okhakhala ndi maphompho. Chimene chimamerapo kwambiri ndi udzu ndi tchire lalifupi lotchedwa heather. Nkhungu imagwa modzidzimutsa, ndipo mlendo amasokera msanga. Poyang'ana ungati ndi chipululu chopanda mwini, koma m'tchiremo mukudya nkhosa, ndipo pansi pa tchirelo mbalame zafungatira mazira.

Kale anthu wamba sanali kuloledwa kupondapo. Phirilo linali m'manja mwa anthu achuma, amene analisunga kuti aziomberapo mbalame zotchedwa grouse, zofanana ndi nkhwali, ndipo anaikapo alonda a ndodo. Pa 24 April 1932 anthu okwana ngati 400, ambiri a iwo anyamata apantchito, ananyamuka pamudzi wa Hayfield motsogozedwa ndi Benny Rothman, mnyamata wa zaka 20, nakwera phirilo mwadala. Analimbana ndi alonda aja, ndipo atatsika, ena anagwidwa. Asanu anaikidwa m'ndende, wina miyezi 2, wina mpaka miyezi 6. Chilangocho chinawawa anthu ambiri, ndipo mkangano wa mapiri unakula. Mu 1949 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa malo osungidwira mtundu wonse, ndipo mu 1951 dera la Peak District, m'mene muli Kinder Scout, linakhala loyamba kusankhidwa. Koma lamulo lopatsa munthu aliyense ufulu woyenda pa mapiri otere, ngakhale ali ndi eni ake, linadza mu 2000, patapita zaka 68 chikwerere anyamata aja.

Tsono lamulo lomwelo lopatsa ufulu linamanga galu. Likuti kuyambira pa 1 March kufikira pa 31 July galu akhale pachingwe chosapitirira mamita 2, ndipo pafupi ndi ziweto akhale pachingwe nyengo iliyonse ya chaka. Apa ndi pamene eni agalu ena amadandaula. Amati, "Ine ndapeza ufulu, nanga bwanji mnzangayu akhale kapolo? Sabata lonse wakhala m'nyumba. Galu wangayu ndi wofatsa, sanalumepo munthu. Akathamangira nkhosa amangosewera nazo."

Mawu amenewa achokera mumtima wachikondi, ndipo sindiwanyoza. Amene anaonapo galu atamasulidwa, akuthamanga makutu ali petupetu, adziwa kuti chimwemwe chake n'chenicheni. Koma masewera amakhala masewera pamene onse awiri adziwa kuti akusewera. Nkhosa sidziwa. Kwa iyo chinthu chothamangira kumene ili ndi chilombo. Nkhosa za kumapiriko zimaswa makamaka mu April, ndipo nkhosa ya bere ikapirikitsidwa imatha kupoloza ngakhale dzino silinaikhudze. Kamwana kakalekana ndi make kamafa ndi njala ndi kuzizira. Ina pothawa imagwera kuphompho. Chomwechonso mbalame yotchedwa curlew, ya mlomo wautali wopindika, imene yachepa kwambiri m'dzikomo: imaikira mazira pansi, ndipo galu akaivumbulutsa, mazira amazizira, ndi akhwangwala amene anali kuyang'anira patali amaona pamene pali chisa.

Chimene chindivuta ine pa nkhaniyi ndi chakuti zoipa zonsezi zimachitika mwini galu atapita kale. Iye amafika kwawo madzulo mtima uli mbee, namuuza mkazi wake kuti ulendo unali wokoma ndipo galu sanalakwe kanthu. Sakunama. Nkhosa idzapoloza mawa kapena mkuja, ndipo amene adzaipeza ndi mlimi. Kodi munthu angakhale ndi mlandu pa choipa chimene sanachifune, ndiponso sanachione?

Makolo athu anayankha kale funso limeneli pabwalo. Mbuzi ikadya chimanga cha mnansi, mfumu sifunsa mbuzi chimene inali kuganiza, ndiponso sifunsa mwini wake ngati anali ndi chidani. Imafunsa kuti, "Kodi unali kudziwa kuti mbuzi imadya chimanga?" Ngati anali kudziwa, nanga analekeranji kuimanga? Galu alibe mlandu, pakuti kuthamangitsa chothawa ndi chibadwa chake, monga kuyenda usiku ndi chibadwa cha fisi. Wodziwa chibadwacho ndi munthu, ndipo chingwe chili m'dzanja la munthu. Kusaona si kusadziwa. Malamulo a ku England agwirizana ndi bwalo lathu pamenepa: lamulo la 1953 limaimba mlandu mwini galu wovutitsa ziweto. Koma lilipo lina la 1971 limene limateteza mlimi akaombera galu wotere pamene palibe njira ina yomuletsera. Taonani tsono kumene chikondi chija chathera. Munthu analakwa, koma amene wagona pansi ndi galu yemwe anafuna kumkondweretsa.

Pali dandaulo lina lolimba koposa, ndipo sindifuna kulilambalala. Ena amati, "Mukuti titeteze mbalame. Nanga chaka ndi chaka kuyambira pa 12 August anthu achuma sabwera ndi mfuti ndi agalu awo kudzapha grouse pa madambo a kumapiri? Ndiye kuti mbalame itetezedwa kwa galu wa mmphawi kuti idzafe ndi mfuti ya wachuma?" Ndipo n'zoona kuti lamulo la 2000 lija limalola mwini malo oomberapo grouse kuletsa agalu a oyenda kufikira zaka 5. Dandaulo limeneli lili ndi mano. Ine ndiganiza kuti munthu ali ndi ufulu wonse kukwiya nalo lamulo lotere ndi kulimbana kuti lisinthidwe. Koma mkwiyowo aupereke kwa oyenera. Nkhosa ya bere ija si ya mwini mfuti. Kawirikawiri ndi ya mlimi wa kumapiri, amene dziko lake silibala mbewu, ndipo ana a nkhosa ndiwo dzinthu zake za chaka chonse. Curlew nayo siidya nawo phwando la osaka. Anyamata a 1932 aja poswa lamulo anapita okha poyera, masana, nasenza chilango pa matupi awo. Amene amasula galu chifukwa chokwiyira wachuma wasenzetsa chilango nkhosa, mbalame ndi mlimi, iye mwini osataya kanthu.

Wina adzaloza galu wa mbusa, nati, "Uyo bwanji alibe chingwe?" Zoonadi alibe, ndipo amathamanga pakati pa nkhosa zenizenizo. Koma tamuyang'anitsitsani. Mbusa akaimba mluzu, galu ali kutsidya la chigwa amakhota. Akaimbanso, amagona pansi pomwepo. Anaphunzitsidwa miyezi yambiri kufikira chibadwa chake chinagonjera mawu. Chingwe ali nacho, koma chili m'khutu. Alenje athu adziwa zomwezi, kuti galu wosamva amaononga uzimba wa mudzi wonse. Cholakwa cha oyenda ambiri ndi kuyesa kuti galu womvera pakhonde adzamveranso paphiri. Ife aphunzitsi tidziwa kuti kufatsa kwa mwana sukuyesedwa pamene mphunzitsi waima kutsogolo, koma pamene ng'oma ya gule yalira kuseri kwa sukulu. Paphiri ng'oma ya galu ndi fungo la nyama, ndipo likamulowa m'mphuno dzina lake lomwe amaliiwala.

Tanena za nkhosa ndi mbalame, koma galuyo nayenso ali ndi mangawa kwa mbuye wake. Munthu amasankha yekha kukwera, galu amangotsata. Sanena kuti ndatopa, sanena kuti miyala yokhakhalayi yandipala kumapazi. Adzayenda mpaka magazi, mchira ukugwedezeka. Ku Peak District kuli akalulu a kumapiri amene amayera ubweya m'nyengo yachisanu, ndipo galu wotsata kalulu m'nkhungu saona pamene thanthwe lathera. Akagwa kapena kusokera, amene amatuluka usiku kukathandiza ndi magulu a anthu odzipereka, osalandira malipiro, osiya mabanja awo m'nyumba. Motero chingwe chimene chioneka ngati chomanga galu nthawi zina ndicho chimam'bweza kwawo wamoyo.

Komabe tisachiyese chingwe ngati chithumwa. Akuluakulu osamala malowo amalangiza kuti ng'ombe zikakuthamangira, makamaka za ana, uchitaye chingwe. Ng'ombezo zifuna galu, ndipo galu ali ndi liwiro lothawira, pamene munthu womkakamira angapondedwe naye pamodzi. Dzanja lomwelo limene linagwiritsa pafupi ndi nkhosa liyenera kudziwa kumasula pafupi ndi ng'ombe. Ndiponso zilipo nyengo ndi malo, kutali ndi ziweto ndi zisa, pamene galu womvera angathamange mpaka kukhuta, popanda wina wolira mawa lake. Mwini galu wanzeru amayenda maso ali patsogolo, naona nkhosa galu asanaione.

Pa madambo a Howden, kufupi ndi Kinder Scout komweko, mbusa wina wokalamba dzina lake Joseph Tagg, wa zaka zoposa 80, anatuluka ndi galu wake wamkazi wotchedwa Tip pa 12 December 1953, ndipo sanabwerere. Anthu anamfunafuna osampeza, pakuti inali nyengo yozizira koopsa. Anapezeka pa 27 March 1954, atafa kalekale. Pambali pa mtembo wake panali Tip, woonda mafupa okhaokha koma wamoyo, atakhala pamenepo masabata 15. Panalibe chingwe chommanga, ndipo njira ya kumudzi anali kuidziwa. Anthu anasonkha ndalama namuikira mwala wa chikumbutso m'mbali mwa dziwe lalikulu la Derwent, ndipo oyenda ndi agalu awo amadutsa pamwalapo popita kumapiri.