Kodi Kusiya ndi Kuchepa Chikhulupiriro?



Pali nkhani imene imafika kawirikawiri ku ofesi ya a Bishopu. Munthu amabwera kuti timupempherere bizinesi. Tikafunsitsa timapeza kuti yakhala ikudya ndalama kwa zaka ziwiri, kaloba ikukwera, renti sinalipidwe. Tikati bwanji osayamba mwaima, yankho limakhala limodzi: "Ndalowetsamo zambiri, sindingasiye manje. Ndikasiya ndiye kuti satana wawina."

Yankho limeneli ndimalidziwa bwino chifukwa inenso ndinalinenapo. Ndinali ndi kaminibasi kakale. Lero injini, mawa giyabokosi, mkuja matayala. Amayi akunyumba akadandaula ndinkawauza kuti alibe chikhulupiriro. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa manyazi, poti ndinali nditachitira kale umboni kutsogolo kwa mpingo.

Msampha umenewu sugwira ife tokha. Mu 1962 maboma a Britain ndi France anagwirizana kupanga ndege yothamanga kuposa liwiro la mawu, yotchedwa Concorde. Mtengo unakwera kuwirikiza kangapo, ogula anathawa, koma maboma anapitiriza kuthiramo ndalama. Anapanga 20 chabe, ndipo mu 2003 zinaleka kuuluka. Mpaka lero akatswiri a zachuma amatchula dzina la ndegeyo akamanena za munthu wokakamira chinthu chifukwa cha zimene anawononga kale.

Ndalama imene yapita, yapita. Mupitirize kapena musiye, sibwerera. Imene mungasankhire njira ndi ya m'thumba lero. Ndiye dzifunseni motere: ndikanakhala kuti sindinayambe, K5,000 ili m'manja, ndipo ndikudziwa zonse zimene ndadziwa pano, kodi ndikanailowetsa muno? Mukayankha kuti ayi, chimene chikukugwirani ndi dzulo. Musachitche chikhulupiriro.

Wina ati, nanga kupirira? Yakobo sanagwire ntchito zaka 14 chifukwa cha Rakele? Zoona. Koma Yakobo ankayang'ana kutsogolo, kwa mkazi amene ankamukonda, sankawerengetsa zaka zimene zatayika. Ndipo pa Machitidwe 16 Paulo anafuna kulowa ku Bituniya, Mzimu sanalole. Iye sanagogode chitseko chomwecho mpaka manja kutupa. Anatsikira ku Trowa, ndipo kumeneko n'kumene kunabwera masomphenya a ku Makedoniya. Ntchito sanaisiye, anangosintha njira.

Apa ndichenjeze, chifukwa ena mumathamanga ndi mawu. Funso lija ndi la katundu: kantemba, nkhuku, galimoto, kubetcha mpira pa foni. Musalitengere ku ukwati wanu kapena kwa mwana wodwala. Pangano silimayezedwa ndi phindu. Pena malire ake amavuta ndithu: nanga bizinesi yogwa imene ikudyetsa ana amasiye a mlongo wanu? Pamenepo musasankhe nokha usiku. Khalani pansi ndi munthu amene sanaikemo ngwee, mumuonetse kope la ndalama lonse, osabisa tsamba la nkhongole. Pempherani naye, kenako mumvereni.

Kaminibasi kaja ndinakagulitsa motsika mtengo, ndipo kubweza nkhongole kunanditengera chaka ndi miyezi. Amene anandilemetsa kwambiri ndi mawu opepesa kwa amayi akunyumba. Anangoti, "Ndamva, atate ake," n'kupitiriza kutsuka mbale.