Msewu Ukadzafuna Kudutsa Pakhomo Panu

Ana anga ndi adzukulu anga, ndikuona kuti ambiri mwa inu mtima uli pa puloti. Mukalandira malipiro mumapatulako kangachepe, ena muli m'mabanki a m'mudzi, ndipo inu amene muli ku Johannesburg ndi ku London mukutumiza ndalama kwa abale kuti akugulireni malo ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Mukuchita bwino. Koma ndamva mafunso amene mumafunsa pogula: madzi ali pafupi, magetsi afika, siteji ya minibasi ili pati? Limodzi simulifunsa, pomwe ndi limene lingakugwetsereni nyumba. Kodi mzindawu ukadzafuna kukulitsa msewu, kuyala njanji kapena kumanga depoti ya mabasi, malo amenewa adzatsala?

Amene mumapita ku Dar es Salaam kukatenga magalimoto ndi katundu wa geni mwawaona mabasi aataliatali amene eni ake amawatcha mwendokasi. Amayenda mu njira yawoyawo pakati pa msewu wa Morogoro, kuchokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni kufupi ndi doko, ndipo nthambi zina zimapita ku madera a Morocco ndi Kariakoo mumzinda momwemo. Gawo loyamba la ntchitoyo ndi lotalika pafupifupi makilomita 21. Anayamba kulimanga mu 2012 ndi ngongole ya World Bank, mabasi n'kuyamba kunyamula anthu mu May 2016. Munthu wa ku Kimara amene kale ankatha maola awiri m'minibasi m'mawa uliwonse anayamba kufika m'tauni ola lisanathe. Amene anakwerapo amabwera akuyamikira, n'kumati bwenzi zitatere ndi kwathu kuno.

Zimene simuziona pa windo la basi ndi nyumba, magolosale ndi mabenchi a malonda zimene zinali pomwe pali masiteji ndi madepotiwo. Zinachotsedwa. Poti ndalama zinachokera ku World Bank, boma la Tanzania linayenera kutsata malamulo a bankiyo: kuwerenga anthu onse okhudzidwa, kuyeza katundu wawo ndi kuwapatsa chipukuta misozi ntchito isanayambe. Ngakhale zinali choncho, sizinayende myaa. Ku Gerezani, pafupi ndi msika wa Kariakoo, anthu okhala m'nyumba zakale za pamalopo anapita kukhoti posakhutira ndi zimene ankapatsidwa, ndipo ntchito yomanga depoti inachedwa.

Tsono tamverani zimene zinachitika pa msewu womwewo mu 2017, chaka chimodzi chokha mabasi atayamba kuyenda. Boma la Pulezidenti John Magufuli linafuna kukulitsa msewuwo kupitirira pa Kimara kulowera ku Kibaha, ndi ndalama zake. Bungwe loona za misewu la TANROADS linalemba chizindikiro cha X pa makoma, kenako makina ogumula anabwera. Nyumba mazanamazana zinagwa, zina za njerwa zootcha ndi malata, zokhala ndi magetsi ndi madzi, zomwe eni ake anazimanga ndi ndalama za penshoni. Boma linati silipereka chipukuta misozi chifukwa nyumbazo zinali m'malire a msewu, malire amene anaikidwa ndi lamulo la nthawi ya atsamunda, opitirira mamita 100 mbali iliyonse. Ngakhale likulu la kampani ya boma ya magetsi ya TANESCO ku Ubungo silinapulumuke, mbali ina ya nyumbayo inagwetsedwa polamula pulezidenti yemweyo.

Msewu unali umodzi, anthu a mzinda umodzi, koma ena anachoka ndi ndalama m'manja pomwe ena anachoka ndi zitseko ndi malata pamutu. Kusiyana kwawo sikunali pa kulira mokweza kapena kukongola kwa nyumba. Kunali pa malo pomwe nyumbayo inaima, mapepala amene mwini wake anali nawo, ndi malamulo amene ntchitoyo inkayendera. Zinthu ziwiri zoyambazo zimakonzedwa tsiku logula malo, zaka zambiri makina asanabwere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Musaganize kuti izi ndi za kutali. Pa kalembera wa mu 2018 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo akuchulukirachulukirabe. Munaona nokha msewu wa Kenyatta ukukulitsidwa, mitengo ikuluikulu n'kudulidwa mu 2021. Anthu a ku Chikwawa, Mwanza, Neno ndi Balaka anasiya minda ndi nyumba kuti njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala idutse. Inu nomwe mumadandaula za mdipiti wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe ndi pa msewu wa Chipembere, mumafuna mayendedwe achangu ndi otsika mtengo. Walira mvula walira matope. Mabasi ndi sitima siziyenda m'malere, zimafuna nthaka, ndipo m'tauni nthaka iliyonse ili ndi mwini wake. Choncho sindikukuuzani kuti muzikana chitukuko. Ndikukuuzani kuti phindu la anthu onse lisalipiridwe ndi banja lanu lokha.

Malamulo oyendetsera dziko lino ali kumbali yanu pa mfundo imeneyi, ngati mukuwadziwa. Gawo 28 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi katundu, ndipo limaletsa kumulanda katunduyo mwachisawawa. Gawo 44 limalola boma kutenga malo a munthu pokhapokha ngati ntchitoyo ili yothandiza anthu onse, mwini wake wadziwitsidwa mokwanira, wapatsidwa chipukuta misozi choyenera, komanso ali ndi mwayi wokadandaula kukhoti. Zinthu zinayi zimenezi muzisunge pamtima. Koma dziwaninso kuti lamulo la misewu limasungira msewu malo ake. Pa misewu ikuluikulu monga M1 malirewo ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Womanga m'kati mwa malire amenewa wamanga pa malo a msewu, ngakhale atakhalapo zaka zambiri osafunsidwa ndi munthu.

Ndiye langizo langa loyamba ndi ili: musanapereke tambala, pitani nokha ku khonsolo ya mzinda ndi ku ofesi ya za malo mukaone mapu a dera limenelo. Funsani ngati pali msewu, njanji, nthambo zamagetsi zikuluzikulu kapena mapaipi a madzi zimene zinakonzedwa kudzadutsa pamenepo. Madobadoba sadzakuuzani zimenezi, iwo chawo ndi kagawo kawo basi. Puloti ya m'mphepete mwa msewu ikatsika mtengo modabwitsa, dabwani ndithu. Inu a kunja, musadalire zithunzi za pa foni. Tumani woyeza malo wovomerezeka akaone mabikoni, ndipo ndalama yomulipira musaione kuwawa. Safunsa anadya phula.

Lachiwiri, konzani mapepala pamene kuli bata. Kakalata kolemba pamanja kosainidwa ndi wogulitsa ndi mboni ziwiri kali ndi ntchito yake, koma sikafanana ndi lizi kapena chikalata cha umwini cholembedwa m'kaundula wa boma. Malamulo a za malo a mu 2016 anatsegula njira yolembetsera ngakhale malo a makolo. Pulani ya nyumba ikavomerezedwe ndi khonsolo. Malisiti a msonkho wa mzinda, a simenti, a malata ndi a mmisiri muziwasunga mu envulopu imodzi. Ngati nyumba idakali m'dzina la agogo amene anatisiya kalekale, khalani pansi monga banja musinthe dzinalo mwalamulo. Ndaona mabanja amene ankadyera mbale imodzi akuleka kupatsana moni chifukwa ndalama za chipukuta misozi zinapita kwa malume mmodzi amene anali ndi pepala. Anyamata inu, dzina la mkazi wanu lilembedwe pamodzi ndi lanu. Atsikana inu, musachite manyazi kufunsa kuti chikalata chili m'dzina la yani, pakuti njerwa zimenezo mwasenza nawo.

Lachitatu, chidziwitso chikabwera musathawe misonkhano, ndipo musapse mtima n'kuyamba kugenda ogwira ntchito. Tsiku limene owerengera katundu akuyenda khomo ndi khomo mukhalepo nokha. Yendani nawo, muwaonetse chilichonse: nyumba, khitchini, bafa, chimbudzi, mpanda, chitsime, khola, mitengo ya mango ndi mapeyala, ngakhale nthochi za kuseri. Ngati muli ndi golosale kapena nyumba za lendi, nenani zimene mumapeza pamwezi, chifukwa zimenezonso zikutayika. Jambulani zonse. Musasaine pepala limene simunaliwerenge, kapena lokhala ndi mipata yosalembedwa, ndipo pemphani kope lanu. Tsiku la kalembera limeneli ndi malire. Chimene mungamange pambuyo pake sichiwerengedwa, choncho musatengeke ndi nzeru zoti mumange zisakasa usiku kuti ndalama zichuluke. Chinyengo chotere chimapatsa akuluakulu chifukwa chokayikira mudzi wonse.

Funsaninso amene akupereka ndalama za ntchitoyo. Mabanki aakulu a chitukuko ali ndi malamulo awo amene amafuna kuti ngakhale munthu wa lendi, wogulitsa tomato pa benchi ndi wokhala pa malo opanda chikalata athandizidwe kusamuka ndi kuyambiranso, ndiponso kuti pakhale komiti yomva madandaulo. Zimenezi sizibwera zokha kwa munthu wokhala chete.

Lachinayi, musayende nokhanokha. Mutu umodzi susenza denga. Pangani komiti yokhala ndi amayi, abambo, achinyamata ndi a lendi omwe. Sonkhani ndalama mupeze katswiri wanu wowerengera mtengo wa nyumba, ndipo pakafunika, loya. Zokambirana zonse zizilembedwa. Funso lanu lalikulu lisakhale lakuti nyumba yakaleyi ingagulidwe zingati, koma lakuti pafunika zingati lero kuti mupeze malo ena ofanana nawo ndi kumangapo nyumba yofanana nayo. Limbikiraninso pa nthawi yolipira. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu amene nyumba yake inawerengedwa zimenezi zisanachitike koma n'kulipidwa pambuyo pake analandira nambala yomweyo pa pepala, koma matumba a simenti ochepa kwambiri. Ndalama zikachedwa, pemphani kuti katundu awerengedwenso. Ndipo musagwetse khoma lanu pa lonjezo la pakamwa.

Mudziwenso kuti mapulani a boma amasintha. Ku Britain boma linagula nyumba ndi minda ya anthu pokonzekera njanji ya sitima yothamanga ya HS2, koma mu October 2023 nduna yaikulu Rishi Sunak inalengeza kuti gawo lochokera ku Birmingham kupita ku Manchester silimangidwanso. Anthu ena anali atasamuka kale. Choncho mphekesera chabe zisakuchititseni kugulitsa puloti motchipa kwa munthu wobwera ndi ndalama m'thumba. Kawirikawiri wofulumira kukugulani ndi amene wamva kuti boma lidzalipira bwino, kapena kuti malo otsala pafupi ndi siteji yatsopano adzakwera mtengo.

Lachisanu ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri. Ndalama za chipukuta misozi zimabwera pakamodzi, zochuluka kuposa zimene ambiri anazigwirapo chibadwire. Abale amene simunawaone zaka zambiri amatulukira, ogulitsa njinga zamoto ndi magalimoto amakupezani pakhomo, ena mpaka amaganiza za mitala. Ndalama imeneyo si mphatso ndiponso si phindu. Ndi nyumba yanu yomweyo imene yasandulika mapepala kwa kanthawi. Ikhale ku banki, pa akaunti yosainira anthu awiri. Choyamba malo, chachiwiri denga, chachitatu kuyambitsanso geni imene inkakudyetsani. Posankha kosamukira musangoona kutchipa kwa puloti. Werengerani mtengo wa minibasi tsiku ndi tsiku, kutalika kwa sukulu ya ana, chipatala ndi msika. N'zomvetsa chisoni kuti munthu apereke malo kuti mzinda uziyenda mwachangu, iye n'kukakhala kumene basi yatsopanoyo siifika.

Pomaliza ndilankhule ndi inu amene muli pa sukulu za uinjiniya, za malamulo ndi za mapulani a mizinda, pakuti mawa ndinu mudzagwire utoto wolembera pa makoma. Mzere umene mumajambula pa kompyuta m'mphindi imodzi umadutsa pa chipinda chimene munthu anabadwiramo. Ngati khonsolo inaona anthu akumanga m'malire a msewu kwa zaka makumi awiri, n'kumalandira msonkho wawo, magetsi ndi madzi n'kulumikizidwa, musadzayerekeze ngati wolakwa ndi womanga yekha. Ikani zizindikiro za malire lero, pamene malowo akadali tchire. Uzani anthu zoona nthawi ikadalipo, m'chilankhulo chimene amamva. Lipirani musanagumule, ndipo pa ndalama ya mayi wamasiye musadyepo. Ndalama zolipira anthu muziziwerengera pamodzi ndi za phula ndi zitsulo, chifukwa nazonso ndi mtengo wa msewuwo.

Inu nonse, sabata ino isathe musanatulutse mapepala a malo anu ndi a makolo anu. Onani dzina limene lilipo, yezani mtunda kuchokera pakati pa msewu kufika pa mpanda, ndipo chimene chikusoweka muyambe kuchilondola pamene maofesi akukulandirani ngati wodzafunsa, osati ngati wodzalira.