Nyumba ya Wosauka Ikapsa

M'midzi ya ku Madisi, m'boma la Dowa, miyezi ya September ndi October ndiyo nyengo ya moto. Udzu wa pa tsindwi wauma, anyamata atentha chire posaka mbewa, ndipo mphepo iomba masana onse. Nkhokwe kapena cigafa ca fodya cikagwira moto, iye amene wayamba kuona akuwa mfuu, ndipo mudzi wonse uthamangira komweko. Amai adza ndi ndowa pamutu, amuna ndi nthambi zaziwisi, ena akwera pa nyumba yoyandikana nasasula udzu kuti moto usalumphire. Wopsa amkweza pa ngolo kapena pa njinga kunka naye ku cipatala ca Mishoni ca Madisi. Palibe wofunsa za malipiro, pakuti akulu anati, "Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako."

Mu mzinda wa Lilongwe zinthu nzosiyana. Kumeneko nchitoyi iri m'manja mwa anthu olembedwa, ozimitsa moto a Khonsolo ya Mzinda ndi onyamula obvulala pa ambulansi. Mwambi uja suwagwira kwenikweni, cifukwa mwini nyumba samdziwa, ndiponso iye sadzawazimira mawa. Akaitanidwa ku Mtandire kapena kwa Mgona apeza nyumba zothithikana, njira zopapatiza zosalowa galimoto, ndi madzi osowa. Nthawi zina khamu liwalandira ndi mau owawa cifukwa ca kucedwa. Nanga kodi nkoyenera kuti munthu wa ana ace aike moyo wace pa ciswe cifukwa ca kanyumba ka zidina, kamene katundu wace yense safika pa mtengo wa tayala limodzi la galimoto lozimira moto?

Alipo amene ayankha kuti iai, nati thandizo lipite kumene kuli cuma cambiri ndi kumene kucokera msonkho. Maganizo amenewa si acilendo. Moto waukuru wa mu 1666 utatentha nyumba zoposa 13,000 mu London, makampani a inshulansi anayamba kukhala ndi magulu ao ozimitsa moto, nakhoma zizindikiro pa makoma a nyumba za anthu olipira. Panapita zaka 200 kufikira mu 1866, pamene mzindawo unakhala ndi gulu lolipidwa ndi ndalama za onse, lotumikira onse. Anthuwo anaphunzira cimene mudzi uli wonse udziwa kale, kuti moto suwerenga malire, ndipo ukayamba kwa wosauka sulekera pomwepo.

Komatu yankho limeneli nlosakwana, pakuti liteteza wosauka kokha cifukwa ca kuopa kuti wolemera angapse naye. Cifukwa ceniceni ciri pa kayesedwe ka citayiko. Citayiko siciyesedwa ndi zimene zapsa koma ndi zimene zatsala. Wolemera sitolo yace ikapsa, atsala ndi ndalama ku banki ndi abale omkongoza. Mai wogulitsa mandasi nyumba ikapsa, ataya mphasa, thumba la cimanga, mpamba wace wonse umene anausunga m'citini, ndi setifiketi ya mwana wace. M'mawa mwace adzuka ndi nsaru imene anagona nayo. Amene afunika thandizo koposa ndiye amene satha kulibweza, ndipo thandizo lopita kwa okhoza kubweza okha liri malonda cabe.

Ngakhale ziri tero, pali malire amene munthu wanzeru ayenera kuwasunga. Wozimitsa moto asafere katundu, kaya wa wolemera kaya wa wosauka, pakuti cimanga cilimidwanso koma ana amasiye sabwezeredwa atate wao. Koma m'nyumbamo mukakhala munthu wamoyo, mwana kapena nkhalamba yosatha kuyenda, pamenepo kuwerengera mtengo kutha. Moyo wa m'nyumba ya zidina ndi wa m'nyumba yosanja ulemera cimodzimodzi. Momwemonso wa ambulansi amanga bala poyamba, osafunsa ngati wobvulalayo analedzera kapena ngati moto anauyatsa yekha mwa kusasamala. Mlandu uli ndi bwalo lace, ndipo ukhoza kudikira, mwazi sudikira.

Za kusayamika kwa khamu, munthu wogwira nchitoyi akumbukire kuti mau owawawo aturuka mwa anthu amene akuona zao zonse ziri kusanduka phulusa. Iye walembedwa kuti akhale mnansi wa anthu amene anasiya anansi ao kumudzi. Mnyamata wa ku Madisi amene anathamanga ndi nthambi yaiwisi ali wamng'ono, akadzabvala cisoti ca ozimitsa moto mu mzinda, asadzafunse kuti mfuu wacokera ku nyumba ya yani, monga sanafunse kwao.