Kodi Ndalama Yobweza Iyambe Kuchotsa Ngongole Iti?

Amayi anzanga mwa Ambuye, ambiri a ife tili ndi ana kapena abale ku Britain ndi ku America, kumene anthu amagula zinthu pa ngongole ndi khadi la ku banki. Pa khadi limodzi pangakhale ngongole ziwiri. Yoyamba ndi yakale, imene munthu wasamutsa kuchokera pa khadi lina atalonjezedwa kuti kwa miyezi ingapo sadzalipira chiwongoladzanja. Yachiwiri ndi ya katundu amene wagula ndi khadi latsopanolo, ndipo iyi imabereka chiwongoladzanja chambiri. Nanga munthuyo akabweza ndalama pakutha pa mwezi, banki iyambe kuchotsa pa ngongole iti?

Tiyerekeze kuti mayi wasamutsa mapaundi 1,000, wagulanso zinthu za mapaundi 500 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa chaka, ndipo akubweza mapaundi 100 mwezi uliwonse. Kwa zaka zambiri, mabanki ambiri ankayamba ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja ija. Mayiyo akanalipira mokhulupirika kwa miyezi 10 mapaundi 500 aja osakhudzidwa, ndipo akanaswa chiwongoladzanja choposa mapaundi 80. Banki ikanayamba ndi ngongole yodulayo, ikanatha m'miyezi 6, chiwongoladzanja chake osafika mapaundi 30. Ndalama zobweza n'zomwezo, chasintha ndi kawerengedwe kokha.

Wina anganene kuti banki sinabe, popeza zonse zinalembedwa m'pangano ndipo mayiyo anasaina yekha. Ndi zoona. Koma kodi munthu wavomeradi chinthu chimene chinabisidwa m'timalemba ting'onoting'ono, wolembayo akudziwa kuti ambiri sadzachimvetsa? Buku la Miyambo, mutu 11, limatichenjeza za sikelo yachinyengo. Sikelo yotere siioneka yolakwika ndi maso, ndipo wogula amachoka akuthokoza. Tchimo lake lili pa kudyera pa kusadziwa kwa mnzako.

Mayiko awiriwa anafika poona kuti kusaina kokha sikuyeretsa chizolowezi chimenechi. Ku America, lamulo la 2009, limene linayamba kugwira ntchito mu February 2010, linati ndalama yoposa kagawo kochepa kamene munthu ayenera kulipira mwezi uliwonse izipita ku ngongole ya chiwongoladzanja chokwera. Ku Britain, kuyambira January 2011, mabanki anayamba kuchotsa ngongole yodula poyamba.

Tisafulumire kuloza chala azungu, chifukwa funso lomweli lili m'magulu athu a banki mkhonde. Mnzathu akachedwa kubweza, n'kubwera ndi kangachepe kamene wapeza atagulitsa mandasi, timalemba pati? Ngati nthawi zonse tiyamba ndi chindapusa ndi chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni n'kumangokhala chomwecho, mayiyo adzalipira chaka chonse osamasuka. Pamenepo tasiyana pati ndi wakatapila?

Sindikunena kuti wobwereka asabweze. Ndalama za gulu ndi thukuta la amayi ena, ndipo ngongole ndi lonjezo. Koma wosunga buku ali ndi mphamvu imene wobwereka alibe, ndipo Mulungu adzafunsa mmene tinaigwiritsira ntchito. Pa msonkhano ukubwerawu, gulu lililonse likambirane poyera dongosolo la kachotsedwe ka ngongole, lililembe, ndipo liwerengedwe mokweza kuti ngakhale mayi wosadziwa kuwerenga amve asanatenge ndalama. Ana athu a kunja tiwakumbutsenso kufunsa funso lomweli asanasaine.

Ambuye atipatse mtima woona m'zinthu zazing'ono.